Za Kumwezi, ndi Ng'ombe Yanga Yotsala

Khalani pansi, ana inu. Vitu, zimitsa njinga yakoyo, utsi wake ukundilowa m'chifuwa. Temwa, ika foni m'thumba. Ndachiona kale chitsulo chanu chachitalicho chikukwera kumwamba moto uli kumchira, sindifuna kuchionanso kachitatu.

Kuyambira dzulo mukukambirana za ng'ombe yanga yamawanga ngati mwini wake ndinaikidwa kale m'manda. Vitu akuti igulitsidwe, tigule malata, denga la Gogo lisadonthenso mvula ikubwerayi. Temwa wangoyang'ana zala zakumapazi, kalata yake ya kuyunivesite ili m'chikwama, yomuitana kukaphunzira za mlengalenga ndi makina amene amazungulira kumwambako. Ng'ombe ndi imodzi. Singagule malata n'kumutumizanso mwanayu kusukulu.

Iwe Vitu unanena dzulo kuti ndalama zimene anthu akunja amawotcha pa chitsulo chimodzi chotere zikhoza kudyetsa Mzimba yense, kuchokera ku Champhira mpaka ku Euthini, ndipo maphunziro a Temwa ndi kuwotcha komweko, kungoti kwaling'ono. Utatero unayang'ana ine. Umadziwa kuti ndinakula wamasiye, ndiye unaganiza kuti ndigwedeza mutu msanga. Sindinagwedeze. Lero ndikuuzani chifukwa chake, ndipo musandidule pakamwa, poti ine sindilankhula kawirikawiri.

Ndinabadwira m'ngolo ya ng'ombe, panjira yopita kuchipatala cha ku Embangweni. Ine ndinafika, mayi anga sanafike. Bambo anga anali kumigodi ku Joni, ndipo chomwe chinabwerako ndi sutikesi yawo yokha, muli jekete ndi chipewa. Anandipatsa dzina loti Suzgo, vuto, ndipo palibe anatsutsa. Anandilera ndi mayi a bambo anga, a NyaShaba. Musaganize za agogo oseka ndi oimba. Anali munthu woumba mbiya, wa manja olimba ngati khasu, wonunkha dothi ndi fodya wam'mphuno. Tinali anthu awiri achete m'nyumba imodzi. Tsiku linkatha titauzana mawu osadzaza dzanja: tunga madzi, tseka nkhuku, idya. Chitumbuka ndicho chinali chilankhulo chawo. Chichewa ankachimva ngati munthu womvetsera kuseri kwa khoma, liwu limodzi wagwira, awiri amuthawa.

Kusukulu ndinapita chifukwa amayi a kumpingo ankalipirira ana amasiye angapo, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo. Inu mumadandaula foni ikatha moto. Ife tinali ndi sileti, kamwala kakuda kosalala kokhala ndi mafelemu a thabwa, ndipo zonse zomwe waphunzira m'mawa unkazifufuta ndi malovu kuti ulembe za masana. Mutu ndiwo unali kope.

Pambali panga pankakhala Wezi. Bambo ake anali ndi sitolo, makina osokera, njinga ndi wayilesi. Wezi anali ndi nsapato, ankadzola mafuta a m'botolo, koma zimenezo sizinandipweteke kwambiri. Chimene chinandidya mtima chinali labala. Anali ndi kope lenileni, pensulo, ndi kalabala kofiira. Akalakwitsa ankafufuta pang'onopang'ono, n'kuuzira tizinyalala, n'kulembanso, tsamba lili mbee. Ndinkamuyang'ana ndi ngodya ya diso tsiku ndi tsiku. Sanali mwana woipa. Kangapo anandigawira chigumu chake. Ndinkadya, ndipo ndikamameza nsanje inkakula.

Aphunzitsi athu anali a Mbewe, mnyamata wa ku Dowa, wamtali, wosakwatira. Inali nthawi imene Chichewa chinali chitangolowa kumene m'makalasi mwathu, ndipo iwo Chitumbuka sankachidziwa kupitirira yewo, zikomo wa kwathu kuno. Tsiku lina m'nyengo yozizira, milomo yathu itang'ambika ndi mphepo, anabwera atanyamula wayilesi ya bambo a Wezi. Mawayilesi a nthawi imeneyo sanali tinthu ta m'thumba ayi, linali bokosi, batire lake lolemera ngati njerwa. Anaiika patebulo. Munkatuluka Chingerezi chosakanikirana ndi phokoso ngati la mvula pamalata. Atatseka anatiuza kuti amuna atatu a ku Amereka apita kumwezi, ndipo awiri atsika, aponda ndi mapazi awo.

Anyamata anati bodza. Atsikana akuluakulu a kumbuyo, aja anali atakula kale, anagwira pakamwa n'kumagwedezeka mapewa, ndipo ine sindinadziwe chomwe chikuwaseketsa. Mutu wanga unali kwina. Zaka zisanu ndili pasukulu ndinali ndisanakwezepo dzanja, koma tsiku limenelo linakwera lokha. Ndinafunsa kuti, poti mwezi uli pamwamba pathu, anthuwo akaimirira mitu yawo yaloza pansi, nanga bwanji sakugwa?

A Mbewe anatulutsa lalanje m'thumba la jekete, anatenga mpira wa nsanza wa anyamata, n'kuyamba kuzungulitsa china pa chinzake, akufotokoza kuti pansi ndi komwe chinthu chachikulu chikukukokera. Theka sindinamve, theka ndinamva, ndipo theka limenelo linandiyabwa m'mutu ngati chitedze.

"Suzgo, funso lako ndi la kusekondale," anatero. "Ndili ndi buku la zithunzi kunyumba. Lachisanu tikaweruka utsale, iwe ndi Wezi, ndikuonetseni."

Ndinathamanga njira yonse. Ndinawapeza agogo pakhonde akusenda chinangwa, ndipo ndinalankhula mawu ochuluka kuposa onse amene ndinali nditawauzapo.

"Gogo, aphunzitsi akuti Lachisanu tikaweruka nditsale, andionetse za kumwezi. Ali ndi buku la zithunzi."

Mpeni unaima. Anandifunsa ngati aphunzitsiwo anena zimenezo anyamata akumva. Ndinati inde, kalasi yonse, ndipo atiuza kuti amunanso amapitako.

"Mwanalume ku mwezi?" anafunsa agogo m'Chitumbuka, kutanthauza mwamuna.

"Enya, Gogo. Atatu."

Anandifunsanso ngati nditsale ndekha. Apa mvetserani bwino, chifukwa ichi sindinauzepo munthu, ngakhale agogo anu aamuna. Ndinati ndekha. Dzina la Wezi linali palilime, ndinalimeza. Funso linali langa, ndinaona kuti ulemu ukhalenso wanga, kamodzi kokha, m'nyumba mwathu mokha. Wezi anali kale ndi labala.

Ndaona Temwa wabisa nkhope, wamva kale. Vitu, usaseke kwambiri, uli ndi mkazi, ukudziwa. Mkazi akakhala pa masiku ake amati ali kumwezi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwemo. Nthawi imeneyo mawu amenewo sankatuluka pakamwa pa mwamuna. Ankanenedwa ndi amayi achikulire, m'nyumba yotseka, kwa mtsikana amene watha msinkhu. Ine ndinali ndisanathe, sindinkadziwa. Agogo anali asanamvepo za Amereka ndi zitsulo zake. Chomwe anamva n'chakuti mwamuna wosakwatira, mlendo, akufuna kutsala yekha ndi mdzukulu wawo kuti amuonetse zithunzi za zinthu zimenezo. Ndikanatchula Wezi, akanapita kwa mayi ake a Wezi madzulo omwewo, akanasekedwa, nkhani ikanathera pamenepo.

Sanakalipe. Anapitiriza kusenda chinangwa. Mayi wamasiye wopanda mwana wamwamuna womuyankhulira sakanapita kukaloza chala wantchito wa boma, masiku amenewo zinthu zotero zinkabwerera mwini. Anachita chimene akanatha. Lachinayi m'mawa anamanga zovala zanga m'chitenje, tinayenda mpaka kumsewu waukulu, tinakwera lole ya matola pamwamba pa matumba a chimanga.

Ulendo umene Vitu amauyenda panjinga asanamwe tiyi, ife unatitengera tsiku. Msewu unali wafumbi, lole inkaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ndipo pachitunda china amuna anatsika kukakankha. Kanali koyamba kuona tauni ya Mzimba. Ndinaona masitolo a amwenye, nsalu zitapachikidwa mpaka kudenga, ndi munthu akudya buledi yekha, buledi wathunthu. Agogo anandigulira chingwa chimodzi chaching'ono, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Kuchokera apo tinapitirira ku Euthini, kwa mwana wa mchemwali wawo, amene ankafuna womulerera ana. Anandisiya kumeneko. Sindinafunse chifukwa. Mwana woleredwa amaphunzira msanga kuti funso limachepetsa chakudya cha m'mbale. Lachisanu lija ndinalitha ndili ndi mwana wa eni kumsana, ndikuyang'ana dzuwa kuti pano aweruka, pano Wezi watsegula buku.

Patapita chaka ndi miyezi ndinatha msinkhu konko ku Euthini. Amayi atatu anandikhazika pamphasa m'nyumba, n'kuyamba kundilangiza. Mmodzi anati kuyambira tsopano ndizipita kumwezi mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani imeneyi mwamuna asaimve. Ndinakweza mutu. Ndinaona mpeni wa agogo utaima pa chinangwa, ndinaona atsikana a kumbuyo atagwira pakamwa. Ndinayamba kuseka, kenaka kuseka kunasanduka kulira, ndipo amayiwo ankandisisita pamsana kuti usaope mwanawe, tonse tinadutsamo.

Nditabwerera kwathu malo anga a sukulu anali atapatsidwa kwa wamasiye wina, ndipo sindingadandaule, nayenso anali wamasiye. A Mbewe anali atasamutsidwa. Ine ndinali nditatalika, wosayeneranso kukhala pansi ndi tiana. Dzina langa linachoka pa mndandanda wa ophunzira n'kulowa pa mndandanda wa olandira. Ankatipatsa bulangete lotuwa nyengo yozizira, ndi mkaka waufa wochokera ku Amereka komweko. Mkaka umenewo, ana inu, unkamata kunkhama, tinkaunyambita wouma m'chikhatho mpaka kutsamwa. Agogo ankanyadira kuti mdzukulu wawo wapulumuka ndipo akufunda. Ine ndinkafunda bulangetelo ndikuganiza kuti dziko limodzi lomwelo latumiza zinthu ziwiri kumudzi kwathu, ndipo Wezi watenga chimene ndinkachifuna.

Agogo ndinawauza mochedwa, nditakwatiwa kale, iwo atagona pamphasa ndi matenda awo omaliza. Ndinawafotokozera kuti a Mbewe ankanena mwezi weniweni, uja wa kumwamba, ndipo anthu anapitadi. Za dzina la Wezi sindinanene. Anafunsa chimene anthuwo anakatengako. Ndinati miyala ndi fumbi.

"Mbwenu miyala, miyala basi," anatero. "Ndipo mayi ako anafera m'ngolo posowa galimoto imodzi."

Ukuona, Vitu, mawu ako a dzulo si atsopano, ananenedwa kale ndi munthu wosadziwa kulemba dzina lake. Sanapepese. Koma masana amenewo anakana phala, anatembenukira kukhoma, ndipo mapewa awo ndinawaona, ankalira.

Wezi anapita kusekondale. Anapeza ntchito ku ofesi yoona za nyengo, kubwalo la ndege, komwe amawerenga zithunzi zochokera ku makina a kumwamba aja n'kunena tsiku lomwe mvula ibwere. Anakwera ndege kangapo. Nkhani zake zinkafika kumudzi ndi mayi ake, amene ankazinena kuchitsime mokweza pang'ono kuposa mmene zinafunikira. Ine ndinkatunga madzi anga chete. Ndikuuzeni uchitsiru wanga kuti museke. Wayilesi ikamalengeza za nyengo ndinkaitseka, poganiza kuti mawuwo adutsa m'manja mwa Wezi. Chaka china analengeza kuti mvula yoyamba ndi yonyenga, anthu asafulumire kubzala. Ine ndinabzala tsiku lomwelo, mwadala. Mbewu yonse inapsera m'nthaka. Agogo anu aamuna anafa osadziwa chimene chinandilowa chaka chimenecho.

Ndi Wezi tinakumananso chaka cha njala yaikulu ija, imene anthu ankadya mizu ya nthochi ndi gaga. Chimanga cha thandizo chinkagawidwa pabwalo la tchalitchi china m'tauni ya Mzimba. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa, dzuwa likuswa mutu. Patebulo panali mayi wonenepa bwino, wa magalasi, akuitana mayina. Anali atapuma pantchito, akuthandiza kumpingo. Anaitana kuti Suzgo Tembo, ndipo anakweza mutu asanamalize. Anadzuka, anandikumbatira anthu onse akuona. Ankanunkhira sopo. Ine ndinkanunkha utsi ndi njala, ndipo chitenje changa chinali chong'ambika m'chiuno.

"Buku lija ndinaliona ndekha, sindinamvepo kanthu," anatero. "A Mbewe ankakufunsa mpaka teremu inatha. Mutu unali ndi iwe, Suzgo, ine ndinali ndi bambo chabe."

Ankaganiza kuti akundisangalatsa. Akanandinyoza ndikanapirira bwino. Anayambanso kundiuza kuti zithunzi za kumwamba zija n'zimene zimaonetsa madera omwe mvula yalephera, kuti othandiza adziwe kotumiza chakudya. Mwina n'zoona. Sindinafune kumva kuti ngakhale thumba langa la chimanga ladutsa kwa iye kawiri. Ndinati yewo chomene, ndinasenza thumba, ndinapita. Sindinacheuke. Atamwalira ndinapita kumaliro ake, ndinaimba nawo, ndipo ndinayang'anitsitsa bokosi lake kuti ndi la thabwa lanji. Mulungu andikhululukire.

Thumba limenelo, Vitu, ndi iwe. Unali kumsana kwa mayi ako, tsitsi litafiira, mapazi atatupa, osatha ngakhale kulira. Phala la chimanga chimenecho ndi limene linakuimitsa. Ndiye ukamati ndalama zizipita kwa anjala, sindingakutsutse, ndingakhale ndikutukwana mbale yomwe ndinadyera. Bulangete lija linandifunditsa, mkaka uja unandikulitsa, ndipo kukanakhala galimoto tsiku lija bwenzi ndili ndi mayi. Ukamati denga langa likudontha, ukunena zoona. Mvula yathayi ndinkasuntha mphasa kuchoka pangodya ina kupita pa ina, ndipo chifuwa chimene mukuchimvachi chinayambira pamenepo. Uli ndi mtima wabwino, ngakhale umayendetsa njinga ngati wakuba.

Za anthu akunjawo, kaya akulakwa kaya akukhoza powotcha chuma chawo kumwamba, ine sindingaweruze. Zaka zonsezi ndayesa kuziika pa sikelo, tsiku lina kulemera uku, tsiku lina uko. Chimene ndikudziwa ndi chaching'ono. Moyo wanga wonse anthu abwino akhala akundifunsa ngati ndadya, ngati ndafunda. Munthu amene anandiuza kuti ndili ndi funso labwino anali mmodzi, ndipo ndinamuona komaliza Lachitatu lija, tisanakwere lole.

Tsopano Temwa, yang'ana kuno. Tsiku lomwe unabwera ndi kalata yako, ukuthamanga kuchokera kumsewu, unaona ndikuimba nthungululu. Imeneyo inali ya pakamwa. Utapita ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pansi, ndipo chimene chinali m'mtima mwanga si chimwemwe. Ndinakuchitira nsanje, mwana wa mwana wanga. Ndinati bwanji iyeyu. Ndipo dzulo Vitu atatchula malata, mtima wanga unadumpha, osati chifukwa cha denga ayi. Unadumpha chifukwa ndinapeza njira yoti ukhale pano, uzitunga madzi ngati ine, popanda munthu wondinena kuti ndine woipa. Aliyense akanati Gogo ndi wokalamba, akuyenera malata. Iwenso ukanavomera, poti ndiwe wachete, ndipo sukanafunsa.

Agogo anga ananditsekera njira chifukwa sanamve bwino, ndipo ankanditeteza. Ine ndamva bwinobwino. Ndikakutsekera, ndilibe pobisala.

Ng'ombe ipita kwa Temwa. Vitu, usatsegule pakamwa. Udzu ulipo kudambo, pulasitiki amagulitsa kumsika, ndipo uli ndi manja awiri, ukwera padenga sabata ino. Likadonthabe ndisuntha mphasa, ndinazolowera. Chifuwa chikanditenga musadzanene kuti ndi Temwa, mudzati ndi nkhalamba yosamva.

Iwe Temwa usandigwadire, dzuka, ndipo usandithokoze, chifukwa sindikupereka ndi mtima woyera. Nsanjeyi sinachoke, ili pompano pansi pa nthiti, ndipo ndikuona kuti ndidzapita nayo. Tsiku lonyamuka akakuperekeze mayi ako ndi Vitu. Ine kudepoti sindifika. Nkhope yanga ndimaidziwa, sindifuna kuti ukaione pawindo la basi n'kuinyamula ulendo wonse.

Vitu, ogula ng'ombe aja amafika pamsika m'mawa kwambiri. Mawa ulawirire, uitulutse m'khola ine ndisanadzuke, ndisanasinthe maganizo.